Musasankhe malo a khola ndi chala pa foni

Dzinja lino ndapeza makola angapo a mbuzi ali m'madzi ofika m'mawondo, ndipo eni ake akundiuza mawu amodzimodzi: pa foni pamaoneka pokwera. Anyamata a m'makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi aphunzira kutsegula pulogalamu ya mapu ya Google Earth n'kupendeketsa mapu ndi zala ziwiri mpaka mapiri a ku Thyolo ataimirira ngati enieni. Zimenezo sindikutsutsa. Mapu otembenuzika amakuonetsani kuseri kwa phiri, ndipo mukafuna kuona kumene mtsinje wa Ruo kapena wa Mwanza ukutsikira, amaposa pepala kutali.

Koma munthu akazunguliza kawiri katatu, kumpoto kwamusowa. Ku East Bank ndinaima ndi gulu lina, wogwira foni akuloza Shire n'kumati ndi Ruo, anzake akukanganirana kuti aone nawo, mpaka dzuwa linafika pamutu tisanagwirizane kanthu. Mapu apapepala omatidwa pakhoma sasuntha. Onse amaona chimodzi, ndipo agogo amaloza ndi ndodo kuti apa madzi anafika.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti chigwa chathu cha Shire n'chathyathyathya. Kuchokera ku Nchalo kutsikira ku Nsanje, mita imodzi yokha imasiyanitsa pouma ndi pomira. Pomwe miyezo ya kukwera kwa nthaka pa mapu ambiri aulere inachokera ku chombo cha m'mlengalenga cha bungwe la ku America la NASA chomwe chinayeza dziko mu February 2000, m'timabokosi ta mamita 30, ndipo imatha kuphonya ndi mamita angapo. Pamene pali mitengo yothithikana, nsonga zake zimawerengedwa ngati nthaka. Chiyezereni, kwadutsa madzi osefukira a 2015, anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mchenga unasuntha, makwawa atsopano anatseguka.

Bambo wina kufupi ndi Chiromo anamanga khola pansi pa mitengo ya mango mwana wake atamuonetsa pa foni kuti ndi pachitunda. Apongozi ake anamuletsa: "Bambo, pamenepo ife tinkaolokapo ndi bwato." Sanamve. Mvula yoyamba yamphamvu, tiana ta mbuzi tinafa ndi chinyezi, ziboda za zazikulu zinayamba kuola, mitengo ndi misomali yonse n'kulowa m'madzi. Chizolowezi chathu chakale chija, chomanga mu Okutobala kukali gwa n'kudzafunsa mu Januwale, foni yangochikuza. Tidzasiya liti?

Chochita n'chosavuta. Foni igwire munthu mmodzi, ayang'ane koyambira madzi, kenako abwezere kumpoto pamwamba asanaonetse ena. Zokambirana zichitikire pa pepala kapena pa mapu oumba ndi dothi pabwalo la mfumu. Mukatero yendani wapansi ndi akuluakulu, muone zinyalala zokodwa m'nthambi ndi mzere wa matope pa makoma. Khola likhale lam'mwamba ndithu. Amene akufuna tikayeze malo ndi chingwe ndi levulo andipeze ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) Lolemba m'mawa.