Aziphunzitsi ndi za pa intaneti, yambani ndi mmodzi

Inu amene mukufuna aziphunzitsi anzanu ayambe kugwiritsa ntchito intaneti pasukulu, chonde musayambe ndi msonkhano wa tsiku lonse kuwaonetsa mapulogalamu khumi, amangovomera ndi mutu koma Lolemba abwerera ku choko. Pezani mmodzi amene watopa ndi kuchonga, mukhale naye pa buleki apange mafunso asanu pa Google Forms, pulogalamu ya Google yolembera mafunso oti anthu ayankhe pa intaneti, aike pa quiz ndi mayankho olondola, ana akayankha imachonga yokha malikisi nkubwera onse pamodzi. Koma mausiyo agwire yekha, inu manja kumbuyo ngakhale azichedwa bwanji. Mukamulanda ndiye basi sabweranso.

Za blog, tsamba la pa intaneti loikapo zolemba zako, nazo chimodzimodzi, pulogalamu yotsegulira blog ya Blogger ndi yaulere bola akhale ndi Gmail, pa foni zimathekanso. Asavutike ndi nkhani zitalizitali ayi, angoikapo manotsi omwe analemba kale ndi homuweki ya sabata imeneyo. Zithunzi za ana ndi mayina awo osaika makolo asanavomere, apa pokha musanyengerere munthu.

Ahedi nawo asachite kulamula ndi kalata, anthu amangotsegula blog lero mawa yafa. Mnzawoyo akanena yekha kuti Lachisanu sananyamule makope kunyumba, enawo afunsa okha.