Momwe mungaikire app ya React pa intaneti pamene API yake ili payokha

Chaka chatha ndinapangira loji ina ya ku Senga Bay pulogalamu yosungitsira zipinda. Mlendo amasankha chipinda ndi masiku pa foni yake, wa pa resepishoni n'kuona pa kompyuta. Mbali imene anthu amaiona ndinailemba ndi React kudzera mu Vite (chida chimene chimamanga code ya React kuti ikhale mafayilo okaika pa intaneti), ndipo kuseri kwake kuli API ya Node ndi Express imene imasunga zonse mu database ya PostgreSQL. Anyamata angapo kuno ku Salima amene akuphunzira zolemba mapulogalamu akhala akundifunsa momwe ndinaziikira pa intaneti, ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense azidziwerengera.

Musanagule kalikonse, mvetsetsani kuti muli ndi zinthu ziwiri zosiyana m'manja. React ikamangidwa imasanduka mafayilo wamba: index.html imodzi, JavaScript ndi CSS. Mafayilo amenewa seva imangowapereka, koma kumene amagwirira ntchito ndi mu foni ya mlendoyo. API ndiyo imakhala pa seva usana ndi usiku kudikirira mafunso. Mfundo imeneyi muisunge, tiibwerera.

Seva ndi domain

Ine ndimagwiritsa ntchito VPS, seva yobwereka ya pa intaneti, yokhala ndi Ubuntu. Pa DigitalOcean ya 1GB RAM ndi madola 6 pamwezi, ndipo kwa loji ya zipinda zochepa imakwanira bwinobwino. Chovuta si mtengowo ayi, koma kulipira kwake, poti ndalama zakunja zikusowa ndipo khadi la ku banki nthawi zina limakana. Ena amapempha m'bale wawo amene ali ku Johannesburg kuti awalipirire. Palibe cholakwika, bola akaunti ikhale m'dzina lanu ndi imelo yanu.

Chenjerani ndi anthu amene amatsatsa hosting yotchipa m'magulu a WhatsApp. Ambiri amagulitsa kachigawo ka cPanel koyenera PHP, mukafunsa za Node amati "zonse zimatheka bwana", mukalipira foni sayankhanso. Choipitsitsa ndi uja amakugulirani domain koma n'kuilembetsa m'dzina lake. Tsiku limene mwasemphana naye, dzina la bizinesi ya kasitomala wanu limapita naye. Domain ya .mw imayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, ndipo ya .com mutha kugula nokha pa Namecheap kapena Cloudflare. Mukagula, ikani A record, mzere wolumikiza dzinalo ndi seva, yoloza ku IP (adiresi ya manambala) ya seva yanu.

Lowani pa seva ndi SSH, ikani Node, Nginx (pulogalamu yolandira alendo a tsamba lanu pa seva) ndi PostgreSQL, tsegulani madoko 22, 80 ndi 443 okha pa ufw, firewall ya Ubuntu. Izi mukuzidziwa kale. Doko la 3000 limene API imamverapo musalitsegulire dziko lonse.

Kwezani API

Kokani code yanu ndi git clone, chitani npm install, lembani fayilo ya .env yokhala ndi pasiwedi ya database. Kenako yendetsani API ndi pm2, pulogalamu imene imaisunga ikuyenda kuseri:

pm2 start server.js --name api
pm2 save
pm2 startup

Lamulo lomalizalo limakupatsani mzere wina woti muukope n'kuuyendetsa. Musaudumphe, chifukwa ndi umene umadzutsa API seva ikazima n'kuyakanso. Yesani ndi curl http://127.0.0.1:3000 muli pa seva pomwepo. Ikayankha, pitirirani.

Pamene ine ndinagwa

Mbali ya React muimangire pa laputopu yanu ndi npm run build, osati pa seva. Seva ya 1GB nthawi zina imathedwa mphamvu ili pakati pomanga, komanso foda ya dist imene imatuluka ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi node_modules, ndiye kuitumiza sikudya bandulo. Ine ndimatumiza ndi rsync kupita ku /var/www/app.

Ndinachita zonsezi Lachinayi usiku. Ndinatsegula tsambalo pa laputopu yanga, zipinda zonse zinaoneka, ndinasungitsa chipinda chongoyesera, zinatheka. Ndinatumiza uthenga kwa mayi amene amayang'anira lojiyo kuti ntchito yatha, ndinakagona mtima uli m'malo.

Lachisanu m'mawa foni inalira, anali mayi aja. "Achimwene, chinthu chanu chija chikungozungulira, zipinda sizikubwera. Ndipo ndawauza kale alendo a ku Lilongwe amene akubwera mawa kuti asungitse pamenepo." Ndinatsegula pa laputopu, zonse zili bwino. Ndinawauza kuti mwina ndi netiweki ya kunyanjako, ayese kuzimitsa data n'kuyatsanso. Anayesa pa Airtel, anabwereka foni ya TNM ya mnyamata wa kukhitchini, chimodzimodzi. Masana ndinakwera galimoto pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay, laputopu ili m'chikwama.

Titakhala pakhonde la lojiyo, foni yawo ndi laputopu yanga zili pa tebulo limodzi, pa netiweki imodzi, yanga ikuonetsa zipinda, yawo ikungozungulira. Apa ndi pamene ndinasiya kunamizira netiweki. Ndinadina F12, ndinapita pa Network, ndinayang'ana kumene mafunso akupita. Onse ankapita ku http://localhost:3000.

Mu fayilo ya .env ya mbali ya React, pa laputopu yanga, munali VITE_API_URL=http://localhost:3000, adiresi imene ndinkagwiritsa ntchito polemba pulogalamuyo. Vite simawerenga adiresi imeneyi tsamba likamatsegulidwa. Imaiwerenga nthawi yomanga, n'kuimatiratu mkati mwa JavaScript. Ndiye foni iliyonse yotsegula tsambalo inkauzidwa kuti ikafunse zipinda ku localhost, ndipo localhost tanthauzo lake ndi "makina omwe ano". Foni ya mayi aja inkadzifunsa yokha, ndipo mkati mwake mulibe API. Laputopu yanga inkayankha chifukwa API yoyesera inali ikadayendabe kuseri, sindinaitseke. Chipinda chimene ndinasungitsa usiku uja sichinafike n'komwe pa seva, chinalowa mu database ya pa laputopu.

Zinandiwawa chifukwa mayi aja anali atauza kale alendo awo, ndipo tsiku limenelo anabwerera ku kope lawo lakale ndi cholembera.

Kukonza kwake ndi kwa mphindi zisanu. Pangani fayilo ina, .env.production, mulembemo:

VITE_API_URL=/api

Mangani kachiwiri. Musanatumize, fufuzani ndi grep -r "localhost:3000" dist/ ndipo pasatuluke kanthu. Ndipo poyesa, tsekani chilichonse chimene chikuyenda pa laputopu, mutenge foni ya munthu wina ya data yakeyake. Ine masiku ano ndimapempha mlongo wanga amene ali ku Nkhotakota kuti atsegule ali komweko, andiuze chimene akuona.

Pomwepa ndionjezepo china. Chilichonse choyamba ndi VITE_ chimakalowa mu JavaScript imene aliyense angathe kuiwerenga. Kiyi wa kampani yolandirira ndalama kapena pasiwedi ya database zisapezeke mmenemo. Malo ake ndi .env ya API pa seva.

Nginx ndi nkhani ya CORS

Mwaona kuti ndalemba /api chabe, popanda domain. Ndachita dala. Mukaika React pa dzinalanu.mw ndipo API pa api.dzinalanu.mw, browser imaziona ngati nyumba ziwiri zosiyana, ndipo imakana kupereka mayankho a API ku tsambalo pokhapokha API italoleza ndi Access-Control-Allow-Origin. Imeneyo ndiye CORS imene imalemba zofiira mu console. Ambiri akatopa amangoikapo nyenyezi (*) kuti aliyense aloledwe, koma nyenyeziyo sigwira ntchito ngati mukutumiza ma cookie a login. Njira yachidule ndi kuziika zonse pansi pa denga limodzi, Nginx ikhale mlonda wa pageti wolozera aliyense kolowera:

server {
  server_name dzinalanu.mw;
  root /var/www/app;
  location /api/ {
    proxy_pass http://127.0.0.1:3000;
  }
  location / {
    try_files $uri $uri/ /index.html;
  }
}

Yang'anitsitsani mzere wa proxy_pass. Mukaika / kumapeto kwa 3000, Nginx imadula /api isanapereke funso ku Express. Mukapanda kuika, imapereka momwe lilili. Zonse ndi zololedwa, zingogwirizana ndi momwe munalembera njira zanu mu Express.

Mzere wa try_files nawo ndi wofunika. Popanda umenewo, mlendo akakhala pa /zipinda/4 n'kuchita refresh amalandira 404, chifukwa pa seva palibe fayilo ya dzina limenelo. Njira imeneyo imaidziwa ndi React yokha, choncho Nginx iyenera kupereka index.html nthawi zonse, React n'kupeza yokha poyambira.

Ngati simukufuna kusunga mbali ya React pa VPS, Netlify ndi Cloudflare Pages ali ndi gawo laulere. Pa Netlify mumaika fayilo ya _redirects yokhala ndi /* /index.html 200. Kungoti mukatero CORS ija muyenera kuikonza bwinobwino.

Zotsala

Chitani nginx -t, kenako systemctl reload nginx. HTTPS ndi yaulere, musalole wina akulipiritseni: ikani certbot, yendetsani sudo certbot --nginx -d dzinalanu.mw. Satifiketi ya Let's Encrypt imakhala masiku 90 ndipo certbot imaikonzanso yokha. Tsamba likakhala pa https, API nayo isaitanidwe pa http, browser imatsekereza. Ndi /api ija vuto limeneli simukumana nalo.

Pa index.html ikani Cache-Control: no-cache kuti mukasintha zinthu anthu asamaonebe zakale. Database muziisunga ndi pg_dump usiku uliwonse kudzera mu cron, imene imayendetsa malamulo pa nthawi imene mwaika, ndipo kope lake lizipita kwina, osati pa seva yomweyo. Mukasintha React, ndi npm run build ndi rsync basi. Mukasintha API, git pull ndi pm2 restart api. China chikavuta, yambani ndi pm2 logs.