Kugawana Malo Oika Katundu Pamwamba pa Mipando M'ndege

Aliyense wokwera ndege pa bwalo la ku Chileka, kaya akupita ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ayenera kudziwa kuti kabati ya pamwamba pa mpando wake si yake yekha ayi, koma ndi ya onse okhala m'mizere yoyandikana nayo. Makampani ambiri amalola munthu kulowa ndi chikwama chimodzi chosaposa makilogalamu 7, ndipo ndege zocheperapo monga Dash 8 Q400 zili ndi makabati opanikiza moti sutikesi yamatayala nthawi zina imakana kulowa.

Musanakwere, tulutsiranitu pasipoti, mankhwala, foni ndi ndalama, kuti musamatsegule kabati pamutu pa anzanu ulendo uli m'kati. Sutikesi muilowetse matayala ali kutsogolo, chogwirira chitaloza kwa inu, chifukwa mukaigoneka chopingasa imadya malo a anthu awiri. Kachikwama ka laputopu kapena ka m'manja kaikeni pansi pa mpando wa kutsogolo kwanu, pokhapokha ngati mwakhala pa mzere wa khomo lotulukira pangozi, pomwe pansi sipayenera kukhala kanthu. Jekete muike pomaliza, pamwamba pa katundu wanu.

Chimene ndimachiona chosayenera kwambiri ndicho kukankha chikwama cha mwini osapempha, pamene mwina muli zinthu zosachedwa kusweka. Funsani mwaulemu kuti, "Pepani bambo, kodi ndingasunthe pang'ono chikwama chanuchi?" Malo akatheratu, uzani wogwira ntchito m'ndegemo, ndipo akanena kuti chikwama chanu chipite kunsi, chotsanimo power bank ndi mabatire apadera, popeza malamulo salola kuti zimenezi ziyende m'chipinda cha katundu.