Kuseva mpira wa utsi pa tenesi ya Wii Sports

Pa tenesi ya Wii Sports, gemu ya pa makina a Wii yomwe Nintendo idatulutsa mu 2006, imene mumasewera pogwedeza rimoti ngati chomenyera mpira, mphamvu ya mkono si imene imathamangitsa mpira poseva. Gemu imayang'ana nthawi imene mwamenyera basi. Mukaupeza mpira utafika pamwamba penipeni, usanayambe kutsika, umachoka ngati chipolopolo n'kusiya kamzere ka utsi woyera m'mbuyo. Mukafulumira kapena kuchedwa pang'ono, umapita ndithu koma mwaulesi, mnzanu n'kuubweza mosavutika.

Vuto la ambiri limayambira poponya mpira m'mwamba. Mutha kuponya pokweza rimoti mwamsanga, kapena podina batani la A. Ngati mukuphunzira, dinani A. Mkati mwa rimoti muli kachipangizo kotchedwa accelerometer, kamene kamamva kugwedezeka koma sikadziwa cholinga chanu. Mukaponya pokweza dzanja, dzanjalo limakonda kugwedera likamaima, ndipo kugwederako gemu imakutenga ngati mwamenya kale. Kubweza mkono kumbuyo kuti mutenge mphamvu, monga amachitira pabwalo lenileni, kumabweretsa vuto lomweli.

Choncho kwezeranitu rimoti kufika pafupi ndi khutu, mutu wake uloze kudenga, dzanja likhale phee. Dinani A. Maso akhale pa mpira, osati pa Mii wanu, kamunthu kamene kamakuimirani pa sikirini. Mpira umakwera mofulumira kenaka n'kuyamba kuchedwa. Pamene ukuoneka ngati ukufuna kuima m'malere, gwetsani rimoti kutsogolo kamodzi, mwachidule, ndi dzanja lokha osati phewa lonse. Musadikire kuti muuone utaima, chifukwa pofika pamene dzanja likuyenda udzakhala utayamba kutsika.

Ngati mukuchita zonsezi koma utsi sukutuluka, kayikirani TV. Wii imatulutsa chithunzi chaching'ono, ndipo ma TV amakono amayamba achikuza asanachionetse. Zimenezi zimachedwetsa chithunzi pang'ono, moti mpira umene mukuuona pamwamba umakhala utatsika kale mkati mwa gemu. Yatsani Game Mode pa TV yanu, imene imachepetsa kuchedwako, ndipo ngati ilibe, zoloŵerani kumenya msangako. Sensor Bar, kachipangizo kakatali kamene mumaika pamwamba kapena pansi pa TV, musavutike nayo: ntchito yake ndi yolozera pa sikirini, kumenya kumadutsa pa Bluetooth. Onaninso kuti mabatire aŵiri a AA ali ndi moto, ndiponso kuti Mii wanu mudamusankhira dzanja limene mumagwiritsadi ntchito, lamanja kapena lamanzere.

Kachingwe ka rimoti mangani padzanja nthawi zonse. Dzanja likachita thukuta rimoti imapulumuka, ndipo poseva imakhala ikuloza ku TV.

Pa zoyeserera zitatu za tenesi zomwe zili mu Training, gawo lophunzirira la Wii Sports, palibe ya kuseva, ndiye sankhani mpikisano wa gemu imodzi n'kumaubwereza. Gemu iliyonse yomwe mukuseva imakupatsani mipata yosachepera inayi. Imani malo amodzi, rimoti iyambire pamalo amodzi, kuti chosintha chikhale nthawi yomenyera yokha.

Mapointi a luso lanu akadutsa 1000 n'kufika pa Pro, mlingo wa akatswiri, osewera a kompyuta amayamba kubweza ngakhale mpira wa utsi, ndipo umabwera ndi liwiro. Mukangoseva bwezerani rimoti pachifuwa pang'onopang'ono, osaigwedeza, kuti Mii wanu wachiŵiri, amene amaima pafupi ndi neti, asamenye mphepo mpira usanafike.