Momwe mungayezere gitala yakale musanatulutse ndalama

Gitala ya matabwa sikhala yabwino chifukwa cha ukalamba wokha. Kapangidwe kake kasintha kwambiri, ndipo gitala za nyengo iliyonse zili ndi matenda akeake.

Yambani ndi khosi. Nsambo zachitsulo zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, choncho khosi limapinda pang'onopang'ono. Dinikizani nsambo yaikulu pa fureti (kachitsulo kopingasa pa khosi) yoyamba ndi ya 14, muone pa fureti ya 7: mpata wa pakati pa nsambo ndi fureti ukhale wongolowa kakhadi kopyapyala. Ukakula, funsani ngati m'khosimo muli chitsulo chowongolera chotchedwa truss rod. Kampani yopanga gitala ya Gibson inayamba kuchiika m'ma 1920, koma ya Martin inadikira mpaka 1985, ndiye Martin yakale simungaiwongole ndi sipanala.

Kenako yezani pa fureti ya 12. Nsambo yaikulu italikirane ndi fureti ndi mamilimita 2.5. Ikafika 4, pomwe kafupa ka pa bridge (kathabwa komangapo nsambo pa thupi la gitala) kadapalidwa kale mpaka pansi, khosi lifunika kuzulidwa n'kuikidwanso. Pa gitala zakale khosi n'lomata ndi guluu, amalimasula ndi nthunzi, ndipo ntchitoyo imadula. Kampani ya Taylor, makamaka kuyambira 1999, imamanga khosi ndi mabawuti, mmisiri amalikonza msanga.

Tsopano yang'anani m'mphepete mwa bowo la patsogolo pa gitala. Mizere ya mtengo ikapitirira kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndi thabwa lenileni. Mukaona timagawo tosanjikiza, ndi pulayiwudi. Musainyoze. Yamaha FG180 ya 1966 inali ya pulayiwudi koma imalirabe bwino, komanso pulayiwudi sing'aluka msanga pakauma ngati mu Okutobala.

Lowetsani kagalasi ndi tochi ya foni m'kati muone timitengo topingasana ngati X tolimbitsa thabwa la patsogolo. Kamodzi kakamatuka, thabwa limatupa kumbuyo kwa bridge ndipo mukagogoda ndi chala limanjenjemera. Martin inkasema timitengoti kuti tipepuke, koma inaleka mu 1944, motero gitala zotsatira zinalimba koma mawu ake akuya anachepa.

Pomaliza funsani za mtengo wa kumbuyo. Martin inasiya kugwiritsa ntchito mtengo wa rosewood wa ku Brazil pa gitala zake zambiri mu 1969, ndipo mu 1992 pangano loteteza nyama ndi zomera la CITES linaletsa malonda ake pakati pa mayiko. Gitala ya mtengo umenewu yopanda mapepala ikhoza kulandidwa pa malire.