Mmene ndimaphunzitsira ubongo ndi mutu wa mbuzi

Chaka changa choyamba pauphunzitsi, ubongo ndinaujambula pabolodi ndi choko cha mitundu itatu, ana nakopera m'makope mwawo mwaudongo. Atabwera mayeso, ambiri anaika cerebellum, chigawo cha kumbuyo kwa ubongo, pachipumi. Kuyambira pamenepo, tikafika pamutu umenewu mu Biology ndimapita kumsika kukagula mutu wa mbuzi. Ubongo wa mbuzi ndi waung'ono, umakwana m'dzanja, pamene wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Koma zigawo zikuluzikulu ndi zomwezo, ndipo mwana amene wagwirapo medulla, polumikizira ubongo ndi msana, ndi chala sayiikanso pachipumi.

Lawirirani kwa opha mbuzi m'mamawa, asanayambe kuwaula mitu. Auzeni kuti mukufuna mutu wosawaula ndiponso wosawaza, chifukwa iwo anazolowera kuutema pakati ndi chikwanje kuti ulowe bwino mumphika. Mbuzi ikhale yophedwa tsiku lomwelo komanso yoyezedwa ndi a zaziweto. Yofa yokha musayikhudze ngakhale akupatseni ulere, pakuti chiwewe chimakhala mu ubongo momwemo. Mufunikanso hakisowo, mpeni wakuthwa, lezala yatsopano, sikuludiraiva, supuni, thireyi, magolovesi, ndi botolo la pakamwa papakulu lokhala ndi sipiriti.

Kutsegula chigaza kumafuna kuleza mtima. Sendani chikopa cha pamutu, dulani nyanga patsinde, kenako chekani fupa mozungulira, kuyambira pamwamba pa maso, kudutsa pamwamba pa makutu, mpaka kunkhongo. Musakankhe sowo mwamphamvu. Mukamva kuti kulira kwake kwasintha, fupa lathera pomwepo, sunthirani patsogolo. Ine ulendo woyamba ndinatopa nkutenga chikwanje, ndipo chimene ndinapeza mkatimo chinali phala loti sungaphunzitsire munthu. Mukazungulira ponse, lowetsani sikuludiraiva pamng'alupo, kanulani pang'onopang'ono ngati mukutsegula chitini cha penti.

Choyamba kuona ndi chikopa choyererako, cholimba ndithu, chomwe chakuta ubongo. Chimenechi ndi chakunja mwa zikopa zitatu zotchedwa meninges, ndipo zikatupa ndiye matenda aja oumitsa khosi. Chikopacho chiduleni ndi lezala, lowetsani chigwiriro cha supuni pansi pa ubongo kuchokera kutsogolo, muzidula mitsempha yomwe yaugwira uku mukuunyamula. Kachigawo kakang'ono ngati nsawawa kotchedwa pituitary kawirikawiri kamatsalira m'kadzenje ka fupa, kafufuzeni. Chigazacho musataye.

Ubongo wauwisi ndi wofewa kuposa mapeyala akupsa, moti mukaucheka tsiku lomwelo umangomata kumpeni. Uviikeni mu sipiriti sabata yathunthu, ndipo muusinthe sipiritiyo pakadutsa masiku awiri. Ngati muli pachangu, uikeni mufiriji kwa ola limodzi kapena awiri kuti ungolimba osauma gwa, koma kwathu kuno magetsi sindiwadalira.

Tsiku la phunziro, yambani kunja musanadule chilichonse. Chigawo chachikulu chamakwinya pamwambapo ndi cerebrum, chogawika pawiri, kumanzere ndi kumanja. Kwa munthu, kuganiza, kulankhula, kukumbukira ndi kusuntha ziwalo mwadala kumachokera apa, ndipo mbali yakumanzere imalamula thupi lakumanja. Ndiye chifukwa chake agogo amene sitiroko inawagwira dzanja lamanja, vuto lili kumanzere kwa mutu. Makwinyawo ndi njira yopindira chinthu chachikulu kuti chikwane m'malo ochepa, monga timachitira ndi chitenje poika m'chikwama. Kumbuyo kuli kachigawo ka timizere tothithikana, cerebellum, kamene kamaongolera kayendedwe kuti munthu asadzandire. Apa ndimangofunsa kuti ndani anaonapo munthu akuchokera kokamwa kachasu, ndipo kalasi yonse imamvetsa popanda kulemba.

Utembenuzeni. Kutsogolo kuli timiyendo tiwiri totupa kunsonga, tomwe timalandira fungo. Kwa mbuzi ndi tonenepa, kwa munthu ndi towonda kwambiri, ndipo mbuzi imasankhadi msipu ndi mphuno. Chapakati muona mitsempha iwiri ya maso itapingasana ngati chilembo X. Kumbuyo kwenikweni, pamene ubongo ukuwonda kupita kumsana, ndi medulla oblongata, yomwe imayang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima inu muli mtulo.

Tsopano dulani kamodzi kokha, motsata mpata wa pakati pa mbali ziwirizo, ndipo mpeni muukoke osaubwezabweza. Pamalo podulapo paoneka kamzere koyera kopindika ngati uta, corpus callosum, mlatho umene mbali ziwiri zimalankhulirana. Tengani theka limodzi mulidule chopingasa ngati buledi. M'mphepete muli motuwa, mkati moyera. Motuwamo ndi momwe muli matupi a maselo, moyeramo ndi michira yawo yaitali yokutidwa ndi mafuta, yonyamula mauthenga. Ubongo wa munthu uli ndi maselo otere pafupifupi 86 biliyoni. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain ndi amene anaonetsa kuti selo lililonse lili palokha, pogwiritsa ntchito njira yothimbiritsira maselo ya Camillo Golgi wa ku Italy. Awiriwa anagawana mphotho ya Nobel mu 1906 asakugwirizana pa nkhani yomweyi.

Pafika pano pamakhala mwana mmodzi wofunsa funso limene ndimalidikira: "Aphunzitsi, anadziwa bwanji kuti apa ndi polankhulira, poti sipanalembedwe?" Funsolo musalidumphe, chifukwa mpeni umangoonetsa maonekedwe, ntchito ayi. Zambiri akatswiri anazidziwa poona anthu ovulala. Mu 1848, ku Vermont m'dziko la America, Phineas Gage anali kapitawo wa omanga njanji pamene wonga unaphulika nkuponya chitsulo chachitali chomwe chinalowa patsaya lake lakumanzere, kutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe, anakhala mpaka 1860, koma dokotala wake analemba kuti khalidwe lake linasintha, anakhala waukali ndi wosakhazikika pa zomwe wakonza. Mu 1861 ku Paris, Paul Broca anali ndi wodwala amene ankamva zomuuza koma pakamwa pake pankangotuluka liwu lakuti "tan". Atamwalira, Broca anapeza kuti ubongo wake unawonongeka kutsogolo, mbali yakumanzere. Malowo mpaka lero amatchedwa ndi dzina la Broca. Ndimawauza ana kuti agwire mutu wawo kumanzere, patsogolo pa khutu chapamwamba pang'ono, ndipo kuseri kwa chala chawocho ndi pamenepo.

Kenako kunabwera njira zosadikira kuti munthu avulale. Hans Berger wa ku Germany mu 1924 anamata mawaya pamutu pa munthu nkujambula mphamvu ya magetsi yotuluka mu ubongo. Imeneyo ndi EEG, yomwe madokotala amayezera khunyu. Wilder Penfield ku Montreal ankachita opaleshoni odwala khunyu ali maso, poti ubongo paokha sumva kupweteka, ndipo ankati akakhudza malo ena ndi kamagetsi kochepa, chala cha wodwala chinkagwedezeka chokha. Makina a MRI amagwiritsa ntchito maginito amphamvu kujambula mkati mwa mutu popanda kucheka, ndipo mtundu wina wotchedwa fMRI umatsata komwe magazi akuthamangira munthu akamawerenga kapena kuyang'ana chithunzi.

Apa ndi pomwe chigaza chija chimagwira ntchito. Chizungulitseni m'kalasi, aliyense alowetse chala pabowo la kunkhongo pomwe medulla imatulukira. Bowo lalikulu ndi lokhalo, kwina konse ndi fupa losatambasuka. Mu 2008 pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre panaikidwa makina a MRI, ndipo gulu la madokotala Terrie Taylor ndi Karl Seydel linayamba kujambula ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Zotsatira zake zinatuluka mu 2015: ana ambiri amene anamwalira, ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Ubongo wotupa umasowa kopita, umadzipanikiza chakubowo lija, nkufinya chigawo choyang'anira kupuma, mwana nkusiya kupuma. M'kalasi mwanga mukafika pamenepa mumakhala zii, chifukwa ambiri anaonapo mng'ono wawo kapena mwana wa oyandikana nawo nyumba akukomoka ndi malungo.

Belu likalira, werengani malezala kuti onse abwerera, ana asambe m'manja ndi sopo ngakhale anavala magolovesi. Theka losadulalo libwezereni m'botolo ndi sipiriti watsopano, mutseke zolimba, lidzagwira ntchito chaka chamawa. Zidutswa zinazo sizodyedwa, ngakhale wina apemphe kuti akakazinge. Zikwirireni m'dzenje lakuya nkuikapo mwala, apo ayi agalu a pasukulu afukula usiku womwewo.