Mmene mungakonzekerere ulendo wa ku Chicago m'mwezi wa Meyi

Mwezi wa Meyi ndi nthawi imene masukulu ambiri a ukachenjede ku America amapereka madigiri, ndipo n'chifukwa chake makolo ena a kuno kwathu amaitanidwa ndi ana awo kuti akaonerere mwambowo m'mizinda ya dera lapakati la dzikolo, limene eni ake amalitcha Midwest. Ine ndinayenda ulendo wotere kuchokera ku Dedza kupita ku Chicago, kenaka ndinapitirira mpaka ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kumene kumakhala Amalawi ambiri ndithu. Zinthu ziwiri zimene zinandisokoneza kwambiri zinali nyengo ndi nthawi, ndipo malangizo angawa atsamira pamenepo.

Musanakhudze sutukesi, yambani ndi viza, chifukwa apa ndi pamene pavuta masiku ano. Fomu yotchedwa DS-160 imalembedwa pa intaneti, kenaka munthu amakaonekera yekha ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe. Mu Ogasiti 2025 boma la America linalamula kuti Amalawi ndi Azambia ofuna viza ya alendo azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chobwezedwa munthu akabwerera pa nthawi yake, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Malawi inaikidwa m'gulu la mayiko amene nzika zake zinachepetseredwa mwayi wolandira mitundu ina ya maviza. Choncho musagule tikiti, musagulitsenso ng'ombe kapena matumba a mbatatesi, musanamve kuchokera ku ofesi ya kazembeyo zimene lamulo likunena pa nthawiyo. Zonse zikalongosoka, njira yosazungulira kwambiri ndi ya ndege ya Ethiopian Airlines yonyamuka pa bwalo la Kamuzu, kusinthira ku Addis Ababa, n'kukatera pa bwalo la O'Hare ku Chicago. Gulaninso inshuwalansi ya chipatala, popeza kumeneko kudwala kwa tsiku limodzi kungathe kumeza ndalama za ulendo wonse.

Pa nkhani ya zovala, munthu wa ku Dedza kapena wa ku Tsangano ali ndi mwayi woposa wa ku Nsanje, chifukwa zonse zofunika ali nazo kale m'nyumba. Mu Meyi ife timakhala tikulowa m'chisanu, pamene anzathuwo amakhala akutulukamo, mitengo itaphukira ndipo maluwa atachita bwino m'mbali mwa msewu wa Michigan Avenue, ndiye nyengo ziwirizi zimakumana pakati. Masana kumafunda mpaka madigiri pafupifupi 21, usiku kumatsika kufika cha m'ma 10, zomwe sizachilendo kwa munthu wokhala m'tauni ya Dedza yomwe ili mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Chovuta n'chakuti nyengo ya kumeneko siikhazikika. Lero mungathe kuyenda ndi malaya okha thukuta lili kamukamu, mawa lake n'kudzuka kuli mvula yamawawa ndi mphepo yolowa m'mafupa ngati ya ku Bembeke mu Juni. Njira yabwino ndiyo kuvala mosanjikiza: malaya opepuka mkati, juzi pamwamba pake, kenaka jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa chake, kuti muzivula kapena kuonjezera malinga ndi mmene kwachera. Chijasi cholemera musavutike nacho, chingokudyerani makilogalamu a katundu. Ambulera sindimulimbikitsa kwenikweni, chifukwa wanga anatembenuzika ndi mphepo pa mlatho wina tsiku lachiwiri lomwe. Amayi asaiwale chitenje chimodzi m'chikwama cha m'manja, chimathandiza pakhosi ndi pamapewa madzulo. Nsapato zikhale zotseka, zophwatalala, ndiponso zomwe munazizolowera kale, pakuti mumzindamo mumayendedwa pansi kwambiri.

Nyanja ya Michigan ndiyo imanyenga mlendo wochokera kwathu. Ife tinazolowera kuti tikamatsika msewu wa Khwekhwelele kulowera ku Golomoti, juzi timavula tisanafike n'komwe kunsi, chifukwa kunyanja ndi kotentha. Ku Chicago m'nyengoyi zimatembenuka. Nyanjayo, yomwe kukula kwake n'pafupifupi kawiri poyerekeza ndi nyanja ya Malawi, imakhala ikusungabe kuzizira kwa miyezi yachisanu, moti mphepo ikachokera kumadzi, m'mphepete mwa nyanja mumazizira kuposa m'madera a mkati mwa mzinda. Mukamapita kugombe, jekete muinyamule ngakhale kumene mwagonako kukuwala dzuwa. Magombe osambirako amatsegulidwa kumapeto kwa mweziwo, pa sabata ya tchuthi cha Memorial Day chomwe chimakhala Lolemba lomaliza la Meyi, koma madziwo amakhala akadali ozizira kwambiri, ndipo munthu wozolowera kusamba ku Senga Bay angoviika phazi basi.

Kumeneko kutentha amakuyeza m'madigiri a Fahrenheit, ndiye mukamva pa wailesi kuti kunja kuli 50 musaganize kuti dziko likupsa. Chotsani 30 pa nambalayo, yotsalayo muigawe pawiri, ndipo mupeza kuti 50 ndi madigiri 10 athu, pamene 70 ndi pafupifupi 20. Meyi ndi mwezinso wa mvula ya mabingu ndi akamvuluvulu amphamvu otchedwa tornado, amene amatha kugwetsa nyumba. M'chigawo cha Illinois amayesa masayirini ochenjeza Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse nthawi ya 10 koloko m'mawa, ndipo amenewo musachite nawo mantha. Koma akalira nthawi ina kumwamba kutada, lowani m'nyumba, tsikirani m'chipinda chapansi penipeni, ndipo mutalikirane ndi mawindo. Nambala yoitanira apolisi, ambulansi kapena ozimitsa moto ndi 911.

Abale akamva kuti mukubwera, amayamba kuitanitsa za kumudzi, ndipo apa mpofunika kulimba mtima. Mbatatesi za ku Lizulu, mapichesi, tomato, nyama yofutsa ndi mbewu zodzala zisiyeni, chifukwa zipatso ndi masamba aawisi komanso nyama amazilanda pa bwalo la ndege poopa matenda a mbewu ndi ziweto. Chakudya chilichonse chimene mwanyamula, kaya ndi ufa, usipa wouma kapena tiyi, chitchuleni akakufunsani, kuti aone okha choti chilowe. Kubisa kuli ndi chindapusa, pamene kuulula kukavuta mumangotaya chinthucho. Musaiwale adaputa, popeza mapulagi athu a mano atatu salowa m'makoma a kumeneko, ndipo magetsi ake ndi a mavoti 120, osati 230 ngati athu.

Kuchokera ku O'Hare, sitima ya Blue Line imakufikitsani pakati pa mzinda, pamene amapatcha Loop, m'mphindi pafupifupi 45, ndipo imayenda usana ndi usiku. Gulani khadi ya Ventra pa makina a pasiteshoni, yomwe mungalipirire sitima ndi mabasi omwe. Podutsa msewu yambani kuyang'ana kumanzere, chifukwa magalimoto amayenda mbali ya kumanja.

Malo oti muone ndi ambiri, koma ngati masiku ndi ochepa, ine ndingasankhe ulendo wa boti pa mtsinje wa Chicago, pamene wofotokozera amalongosola mmene mzindawo unamangidwiranso moto waukulu wa 1871 utaupsereza, ndiponso mmene mu 1900 akatswiri anatembenuzira mtsinjewo kuti uzichoka kunyanja m'malo mothiramo, pofuna kuteteza madzi akumwa ku zonyansa. Nyumba ya Willis Tower ndi yaitali mamita 442, ndipo alendo amakwera mpaka pa nsanjika ya 103, koma pitani tsiku lopanda mitambo, apo ayi mulipira kuti mukaone nkhungu yomwe ku Dedza timaiona kwaulere. Ku Millennium Park ndi kumalo osungirako nyama a Lincoln Park Zoo salipiritsa. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Field Museum mukaona mikango iwiri ya ku Tsavo imene inkagwira anthu omanga njanji ku Kenya mu 1898. Pogula zinthu kumbukirani kuti mtengo wolembedwa pa shelefu sunaphatikize msonkho, womwe ku Chicago umapitirira 10 peresenti, ndipo mukadya m'lesitilanti yoperekeredwa chakudya patebulo, mumaonjeza pakati pa 15 ndi 20 peresenti yothokozera woperekerayo.

Za nthawi muzisamale kwambiri. M'mwezi umenewu Chicago imatsalira maola 7 poyerekeza ndi Malawi, moti 7 koloko m'mawa kumeneko ndi 2 koloko masana ku Ntcheu, ndipo nthawi yabwino yoimbira kumudzi ndi mukangodzuka. Dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko, zomwe zimapangitsa munthu wozolowera mdima wa 6 koloko kuiwala chakudya chamadzulo ndi tulo tomwe. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi afunse adokotala asananyamuke mmene angasinthire maola omwera.

Opitirira ku South Bend akwere sitima ya South Shore Line pa siteshoni ya Millennium, ulendo wa maola pafupifupi awiri wokathera pa bwalo la ndege la South Bend. Khalani pawindo, chifukwa mukadutsa mafakitale a zitsulo a ku Gary muyamba kuona nkhalango ndi minda, chimanga chitangomera kumene pamene kwathu mwasiya anthu akukolola. Malo ogona musungitsiretu, popeza sabata ya madigiri ku yunivesite ya Notre Dame, yomwe ili pafupi ndi South Bend, mahotela amadzaza msanga. Dziwaninso kuti South Bend ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Chicago, ngakhale mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 150 okha. Ine ndinauza mphwanga kuti ndifika 4 koloko ndikuwerengera pa wotchi yanga ya pamkono, ndipo nditatsika sitima ndinamupeza atadikira ola lathunthu, ndiwo zitazizira kunyumba. Foni imasintha nthawi yokha, koma wotchi ya pamkono muisunthe ndi dzanja sitima ikangodutsa Michigan City.